Apozi wa Freda

A Leonard Beavan anabadwira m'kanyumba ka pageti pathu pano ku Stoke Aldery m'chaka cha 1929, ndipo anakhala momwemo zaka makumi asanu ndi awiri, kupatulako ziwiri zimene anakakhala ku usilikali. Bambo awo ankasamalira akavalo a ku Nyumba Yaikulu, monga anthu a m'mudzi muno amatchulira nyumba imene ndimakhalayi. Iwo atasiya sukulu anangodutsa bwalo n'kukalowa ntchito m'munda, mmene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe munkagwira amuna asanu ndi atatu, olimira banja limodzi maluwa, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Ena anapita kunkhondo osabwerako, ena anakalamba, ena anakopeka ndi mafakitale a m'tauni. Pamene ine ndinkafika, mu 1969, n'kuti a Beavan atatsala okhaokha pa maekala asanu.

Ndinabwera monga mkazi wa Gerald Melhuish, mwana mmodzi yekhayo wa m'nyumba muno. Ine ndine Philippa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, wokulira ku London, wosadziwa ndi kugwira khasu komwe. Nyumbayi ndinaipeza ili ndi zaka mazana anayi ndi zipinda makumi awiri ndi zitatu, koma tinkakhala m'zinayi zokha zimene moto wa malasha unkatha kufunditsa. Kwinako kunali kwa mbewa ndi zithunzi za makolo a Gerald. Mvula ikayamba tinkathamangira m'zipinda zapamwamba ndi ndowa, aliyense akudziwa kale podontha pake. Gerald ankalawirira ku nkhosa zake n'kubwerako madzulo, apongozi anga ankakhala pawindo akuluka, maso ali panja, ndipo ine ndinkasowa wocheza naye.

Tsiku lina m'mwezi wa Epulo kusungulumwa kunandituluka m'nyumba. Ndinalowa m'munda wa ndiwo, uja wozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo ndinaona bedi lodzaza ndi timaudzu tating'onoting'ono. Ndinagwada n'kuyamba kuzula. Nditafika pakati pa bedi ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otakata, chipewa chakutha kumutu, zingwe zikusuzumira m'matumba a jekete.

"Adona alawirira ntchito," anatero.

"Ndimati ndikuthandizeni, Bambo Beavan. Udzu wachuluka."

"Wachulukadi. Ndinaufesa ndekha masabata atatu apitawo. Ena amautcha anyezi."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Iwo sanaseke, sanakalipe. Anagwada pambali panga, natola timbewu tija kamodzikamodzi, nandionetsa kabzalidwe kake. Tinamaliza dzuwa lili paliwombo.

Nditalowa m'nyumba apongozi anandiitana.

"Philippa, mwana wanga, ndakumva. Kuno sitinena kuti Bambo Beavan. Ndi Beavan basi. Ukamukweza umusokoneza, ndipo iye mwini sangakonde."

Ndinamvera. Kuyambira tsiku limenelo munthu wondiposa ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinkangomuitana kuti Beavan, ndipo pasanapite nthawi pakamwa panazolowera.

Zonse zimene ndikudziwa za munda ndinaphunzira kwa a Beavan. Sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. Ankangokupatsa mpeni n'kuima pambali, ukalakwitsa n'kutsokomola. Ankadziwa mbali ya mpanda imene chisanu chimayambira kugwa, ankadziwa mtengo wodwala chaka chathunthu usanafote, ndipo maluwa a rozi mazana awiri ankawatchula mayina ngati akuitana ana a m'kalasi. Ine mayinawo ndinawaloweza msanga, popeza mutu wa mabuku ndinali nawo. Koma zolemetsa zonse, kutipula, kututa manyowa, kumeta mipanda ya mitengo pamakwerero m'mphepo ya Novembala, zinali zawo. Pakati pa sabata anali m'munda kuyambira sikisi koloko, Lamlungu ankaliza belu kutchalitchi. Kunyanja anapitako kamodzi kokha ndipo anabwerako akuti malo onsewo angowonongeka, palibe chomera.

Akazi awo a Freda anali munthu wina. Ankaphika chakudya cha ana kusukulu ya m'mudzi, ndipo mawu awo ankamveka kuchokera pageti mpaka kudziwe la abakha.

"Len! Tiyi wazizira! Kodi unakwatira ine kapena kabichi?"

"Kabichi salongolola," a Beavan ankayankha chapansipansi, koma khasu n'kuliika pomwepo.

M'chaka cha 1972 a Freda anabwera ndi maapozi kuchokera kwa mayi awo. Atadya analavulira nthangala m'kambale n'kukankhira amuna awo.

"Paja akuti ndiwe katswiri. Tabzala izi tione."

Apozi wobzala nthangala ndi mwayi chabe. Satengera make, amatenga zaka kuti abereke, ndipo ambiri amatuluka owawasa osadyeka. N'chifukwa chake alimi amamezanitsa. A Beavan ankazidziwa zonsezi kuposa wina aliyense, komabe anabzala. Inamera mitengo khumi ndi iwiri, ndipo anaiwokera kuseri kwa mpanda, pafupi ndi mulu wa manyowa, pamalo pamene panalibe wowafunsa. Ankaisamalira akaweruka. Mwana anali naye mmodzi yekha, Maureen, ndiye a Freda anapezerapo chowaseka nacho.

"Ine ndinakuberekera mmodzi, wapita kukaphunzira unamwino. Iwe wabereka khumi ndi awiri, onse malova."

Itayamba kubereka, umodzi lero wina chaka chamawa, woyamba kulawa anali a Freda. Ankaluma, nkhope n'kukwinyika, misozi mbwee.

"Len, ameneyu ukapatsa nkhumba ikakusumira kupolisi."

Mu 1981 a Freda anadwala khansa ya m'mimba. Pofika Okutobala anali atatha, chakudya chikubwerera. Chaka chomwecho mtengo wachisanu ndi chinayi unabereka koyamba, zipatso khumi ndi chimodzi, zachikasu mbali ina, mbali yoyang'ana dzuwa zofiira. Masana ena ndinapita kukanyumbako ndi msuzi wa nkhuku. Ndinapeza a Beavan atakhala m'mphepete mwa bedi akusenda chipatso ndi mpeni wawo wa m'munda. Anadula kachidutswa kopyapyala nakaika pakamwa pa akazi awo. A Freda anatafuna pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire.

"Eee, Len," anatero. "Zaka zisanu ndi zinayi kuti uchite chanzeru chimodzi. Tandipatsanso."

Anadya theka lonse. Kenako anandikodola ine.

"Adona, talawani. Muone kuti sindikumunamiza mdalayu."

Ndinalawa. Anali wotsekemera, wowawasira pang'ono kumapeto, wa fungo ngati la uchi. Msuzi wanga unazizira patebulo osakhudzidwa.

A Freda anamwalira Khirisimasi isanafike. Maliro atatha a Beavan anadula mitengo khumi ndi umodzi ija n'kusiya umodzi wokha. Anatenga kathabwa, nalembapo ndi msomali wamoto kuti FREDA, nakamangirira kunthambi. Ndinkadutsa pamenepo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo dzinalo ndinkaliwerenga.

Apongozi atamwalira munda unakhala wanga, kapena ndinene kuti anthu anayamba kunena choncho. Tinautsegula kuti alendo aziwona Lamlungu lililonse la m'chilimwe. Ankabwera ndi mabasi, kumwa tiyi pakapinga, kujambula zithunzi. Ine ndinkawatsogolera nditavala chipewa chachikulu, ndikutchula mayina a maluwa ndi kufotokoza chifukwa chimene "ndinabzalira" chakuti pano osati apo. Nyuzipepala ya m'dera lathu inalemba kuti Mayi Melhuish ali ndi dzanja lodalitsika. Anayamba kundiitana kukalankhula m'magulu a amayi ndi kukaweruza pa zionetsero za maluwa. Kunena zoona ndinkakomedwa nazo. Zaka zonse ndinali mkazi wa Gerald, mpongozi wobwera, wa ku London uja. Tsopano ndinali ndi dzina langalanga. Alendo akabwera a Beavan ankapita kumalekezero kukatentha zinyalala, ndipo ine sindinawaitanepo.

M'mwezi wa Okutobala 1986 kunabwera a Tudge, mwini nazale yaikulu yogulitsa mitengo ya zipatso. Anali munthu wa mimba yake, wolankhula mokweza. Ndinawayendetsa munda wonse, ndipo titatulukira kuseri kwa mpanda anaona mtengo uja utalemedwa ndi zipatso. Anathyola chimodzi osapempha, napukuta pamalaya, naluma. Anaima chilili.

"Mayi Melhuish, ichi n'chiyani? Zaka makumi atatu ndili m'maapozi, ameneyu sindinamulawepo."

"Ndi wa konkuno," ndinatero. "Wa nthangala."

"Mwamutulutsa nokha?"

A Beavan anali pomwepo, mapazi khumi kuchokera pamene tinaima, akudzaza manyowa mu wilibala. Fosholo inaleka kulira.

"Tinayesa khumi ndi iwiri," ndinayankha. "Uwu wokha ndi umene unatuluka bwino."

"Ali ndi dzina?"

Kathabwa kaja kanali kuseri kwa masamba, mbali yanga. Ndinkakaona. A Tudge sankakaona.

"Dzina lenileni ayi," ndinatero.

"Basitu! Atenge la mwini munda. Philippa. Lokongola, losavuta kutchula, ligulitsa lokha. Mwati bwanji?"

Ndinaseka, ndinati aa, musandichititse manyazi. Sindinakane. A Tudge anatembenukira kwa a Beavan.

"Aise, mu Febuluwale udzandidulire nthambi zomezanitsira. Zolimba bwino, wamva?"

"Ndamva, bwana," anatero a Beavan. Ananyamula wilibala n'kumapita.

Pa chakudya chamadzulo ndinamufotokozera Gerald. Anaimika foloko.

"Kodi mtengo umenewo si uja Beavan anaupatsa dzina la mkazi wake?"

"Limenelo linali la pakhomo chabe. A Tudge akufuna loti lilowe m'mabuku."

"Chabwino. Za m'munda umadziwa ndiwe." Anapitiriza kudya.

M'mawa mwake sindinatuluke, ndinati mutu ukundipweteka. Nditadzapita kumtengoko patatha masiku atatu, kathabwa kanali katachotsedwa.

Febuluwale atakwana a Beavan anadula nthambi makumi anayi, zowongoka ngati mapensulo, nazikulunga m'chiguduli chonyowa. Anabwera nazo kukhomo la kukhitchini.

"Adona, katundu wa a Tudge uja. Pakufunika dzina pamtolopa. Mulembe ndinu, dzanja langa silioneka bwino."

Anandipatsa kapepala ndi pensulo. Ndinaima nazo kanthawi, iwo akundiyang'ana m'manja. Ndinalemba kuti Philippa.

Patapita zaka zitatu mitengo inayamba kugulitsidwa, ndipo m'kabuku ka nazale munatuluka chithunzi changa nditanyamula dengu. M'mudzi muno munalibe amene sankadziwa zoona zake, popeza theka la anthu analawako apozi ameneyo kukhitchini kwa a Beavan. Palibe anandinena pamaso. Kungoti ndikalowa m'golosale nkhani inkaduka, ndipo amayi amene kale ankandiuza za matenda a ana awo anayamba kungondiuza za nyengo.

Amene analankhula ndi Maureen. Anali atakhala namwino ku Hereford, ndipo anabwera kudzaona bambo ake pa Lamlungu la masika. Titatuluka m'tchalitchi anandidikira pakageti ka kumanda, kabuku kaja kali m'manja.

"Mayi Melhuish, mwatchenatu apa. Dengu limeneli linkalemera?"

"Maureen, sindikumva chimene ukunena."

"Mukumva. Munalipo m'chipinda muja. Mayi anga sanadye china chilichonse mwezi wonse koma chipatso chimenechi. Muli ndi nyumba ya zipinda makumi awiri, muli ndi maekala, muli ndi dzina m'nyuzipepala. Iwo anali ndi kathabwa kamodzi."

"Bambo ako sanadandaule."

"Adandaule bwanji? Nyumba imene amagonamo ndi ya yani?"

Anthu ankadutsa atazolika. Ndinati tidzakambirana tsiku lina, ndipo ndinathamangira kugalimoto ngati ndaiwala mphika pamoto.

Sabata yomweyo ndinatsimikiza mtima kuti ndikalankhule ndi a Beavan. Ndinawapeza pamakwerero akumeta mpanda wa mitengo. Ndinaima pansi, mawu ndawakonza kale usana wonse.

"Beavan."

"Adona."

Anasiya kumeta, nayang'ana pansi, akudikira.

"Mfuko zayambanso pakapinga paja," ndinatero.

"Ndaziona. Nditchera mawa."

Ndinabwerera m'nyumba. Zoterezi zinachitika kangapo m'zaka zotsatira, ndipo nthawi iliyonse ndinkapeza chonena china, kaya mpope wothyoka, kaya nsabwe za m'maluwa. Iwo sanasinthe kagwiridwe ka ntchito ngakhale pang'ono. Munda unkakongolerakongolera. Mtengo uja ankaudulira chaka ndi chaka, koma zipatso zake sindinawaonenso akudya, ndipo dzina latsopanolo sanalitchulepo. Ankangoti "uja wa kuseri".

Mu 1999, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, anagwa pamakwerero n'kuthyoka m'chiuno. Atatuluka m'chipatala Maureen anawatenga kukakhala naye ku Hereford. Tinawakonzera tiyi wotsanzikana m'chipinda chachikulu chodyera, mmene anali asanakhalemo pansi chibadwire. Gerald anawapatsa wotchi ya pakhoma, ine ndinalankhula mawu owathokoza chifukwa cha "kundithandiza" zaka makumi atatu. Iwo anakhala kunsonga kwa mpando, kapu ili m'manja.

"Zikomo bwana, zikomo adona. Musaiwale kuphimba mkuyu chisanu chisanagwe."

Mawu awo otsanzika anali omwewo.

Atachoka, dzanja langa lodalitsika lija linaonekera poyera. Tinalemba kampani yotumiza amuna awiri kawiri pasabata, a makina awo. Ine ndinkawauza mayina a maluwa, koma choti achite sindinkachidziwa. M'zaka zitatu rozi anafa theka, mkuyu unapsa ndi chisanu, mabasi anachepa, kenako tinatseka geti. Gerald anamwalira mu 2002, ndipo ndinatsala ndekha m'nyumba yonseyi, mwana amene tinabereka atakula n'kukakhazikika kutali pamodzi ndi banja lake. Pamene panalibenso wondiombera m'manja m'pamene ndinaimba foni kwa Maureen kupempha kuti ndikaone bambo ake.

Ndinapita mu Januwale 2003. Maureen anatsegula chitseko osamwetulira.

"Ali m'chipinda chochezera. Musawatopetse."

Ndinawapeza pampando pafupi ndi windo loyang'ana kabwalo ka simenti, bulangete pamiyendo. Anali atachepa. Manja okha ndiwo anali omwe aja, aakulu, ong'ambikang'ambika, koma oyera mbee, opanda dothi m'zikhadabo.

"Bambo Beavan, muli bwanji?"

Anacheukira kumbuyo ngati akufuna munthu wina.

"Bambo anga anamwalira kalekale, adona. Khalani pansi."

Ndinakhala. Ndinadziwa kuti ndikayamba ndi za nyengo ndibwereranso chimanjamanja.

"Ndabwera za apozi uja. Dzina lake ndinkalidziwa. Ndinalipo tsiku limene a Freda anamudya, ndipo kathabwa ndinkakaona pamene a Tudge ankafunsa. Ndinanama inu muli pomwepo, ndipo ndakhala chete zaka zonsezi. Pepani."

Anasisita bulangete ndi chala chachikulu.

"Tsiku lija ndinati adona achita phuma, mawa akonza. M'mawa mwake ndinameta ndevu, ndinakaima kumtengo kuja mpaka belu la nkhomaliro. Simunabwere. Ndiye mu Febuluwale muja pensulo ndinakupatsani dala. Kulemba ndimatha, adona. Ndinkati akaigwira m'manja akumbuka."



"Bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Dothi lanu, manyowa a nkhosa zanu. Ndikanati mtengo wanga, akanandifunsa kuti munda wanga uli kuti."

"Gerald sakanatero."

"Mwina. Inu simunakhalepo m'nyumba ya eni ake mwana ali pasukulu."

"Maureen n'kuti atamaliza kale sukulu."

"Mantha samaliza sukulu, adona."

Maureen analowa ndi tiyi, naika makapu patebulo, natuluka. A Beavan anamwa pang'ono.

"Mtengo uja akuudulira ndani?"

"Amuna a kampani aja."

"Ndi makina?"

"Eya."

Anatsinzina ngati ndawaponda chilonda.

"Auleke. Muziudulira nokha, munaona kambirimbiri. Pakati pazikhala potseguka, poti mungaponyepo chipewa n'kudutsa. Nthambi zopingasana zichoke. Mpeni ukhale wakuthwa, osati uja mumatsegulira makalata."

Anandifunsa za mkuyu, ndinawauza zoona. Anafunsa za rozi, ndinawauzanso zoona. Anapukusa mutu nthawi zonse ziwiri. Nditaimirira kuti ndizipita ndinati ndilemba kalata kunazale kuti dzina lisinthidwe.

"Lembani," anatero. "Muyende bwino, msewu ukuterera."

Mawu oti ndakukhululukirani sanatuluke, ndipo ine ndinalibe nkhope yowapemphera.

Kalata ndinalemba tsiku lomwelo. A Tudge anali atamwalira, anayankha ndi mwana wawo, mwaulemu ndithu. Anati dzina linalowa kale m'mabuku ndipo mitengo ili m'minda ya anthu zikwizikwi, kulisintha n'kosatheka. Chimene akanatha n'kuwonjezera mzere umodzi m'kabuku ka chaka chotsatira, wonena kuti anautulutsa ndi L. Beavan ndipo poyamba unkatchedwa Freda. Ndinamuwerengera Maureen pafoni.

"Mzere umodzi," anatero. "Chabwino, ndiwauza."

Kabukuko a Beavan sanakaone. Anamwalira mu Malichi ndi chibayo, ndipo anawabweretsa kuno kuti adzagone pambali pa akazi awo.

M'tchalitchi mwathu banja la ku Nyumba Yaikulu lili ndi benchi yakeyake kutsogolo, ya kachitseko ndi makhushoni, ndipo ndakhalapo chibwerere. Tsiku la maliro ndinalowa mwakachetechete n'kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala ochedwa. Tchalitchi chinadzaza. Anthu anayamba kucheuka mmodzimmodzi, kukodolana, kunong'onezana. Kenako ndinaona Maureen akudzuka pafupi ndi bokosi. Anayenda mpata wonse wa pakati atavala zakuda, mpaka anaima pamaso panga.

"Mayi Melhuish, mukutani kuno?"

"Ndimati lero ndikhale kuno."

"Anthu onse akuyang'ana inu m'malo moyang'ana bokosi la bambo anga. Lero si tsiku lanu. Pitani mukakhale pamene mumakhala."

Ndinadzuka. Ndinayenda kumbuyo kwake mpaka kutsogolo, nsapato zanga zikugogoda pamiyala. Ndinatsegula kachitseko kaja n'kukhala ndekha pabenchi ya anthu asanu ndi atatu. Nyimbo itayamba ndinatsegula buku, koma zilembo sizinkaoneka.

Titachoka kumanda kunali tiyi ku holo ya m'mudzi. Amuna oliza mabelu anakamba nkhani za a Beavan mpaka anthu anaseka, za tsiku limene anathamangitsa ng'ombe ya ansembe ndi chitsulo chosalazira bedi, za mowa wawo wa maapozi umene unagonetsa wapositi m'ngalande. Nkhani zimenezi ndinali ndisanazimvepo, ngakhale ndinakhala nawo pafupi zaka makumi atatu. Sindinkadziwa n'komwe kuti ankaimba akamwa.

Anthu atayamba kubalalika ndinalowa kukhitchini kwa holoyo, kumene amayi anayi ankatsuka makapu. Ndinavula jasi n'kutenga nsalu yopukutira. Nkhani inaduka. Patapita kanthawi mmodzi anasendera pang'ono kuti ndipeze poima, nandikankhira thireyi ya makapu onyowa.

"Amenewo amakhala m'kabati ya kumanzere," anatero. "Osasanjikiza oposa atatu, amagwa."

Tinamaliza cha m'ma folo koloko. Maureen anabwera kudzatenga mbale zake, anathokoza amayi aja aliyense pomutchula dzina, ine anangondigwedezera mutu. Ndinavala jasi n'kubwerera kunyumba wapansi, mvula ikuwaza.